Mlandu wa Mimba ya a Dzimbiri

Mu Ufumu wa Tidyenawo nzeru sizimera m'nthaka, zimatsika pa ndege. Mfumu Yaikulu Chikhutiro Wachinayi ikangopita kunja, anthu amayamba kudandauliratu, poti amadziwa kuti ibwerako ndi maganizo. Chaka china inabwerako ndi lamulo loti njinga iliyonse ikhale ndi lamba wapampando. Chaka china inabwerako ndi chimfine chokha, n'kugona miyezi iwiri osalamula kanthu, ndipo mpaka lero akuluakulu amakumbukira kuti ndicho chaka chimene anthu anakolola bwino.

Ulendo uno anthu sanachite mwayi. Mfumu inabwerako yathanzi.

Inaitanitsa nduna zake zonse makumi anayi ndi ziwiri ku likulu, ku Mwakhuta, n'kuimirira pamaso pawo itavala chikhoti cha kumaiko ozizira, ngakhale unali mwezi woti ndi buluzi yemwe amafuna mthunzi.

"Ana anga," inatero mfumu, "ndaona ndi maso angawa mmene maiko amalemerera. Kumeneko boma limalandira msonkho ndi dzanja lamanja n'kuubweza ndi lamanzere. Koma silibwezera wina aliyense ayi. Limabwezera makampani okula msanga, amene amalipira antchito awo malipiro apamwamba. Makampaniwo akakondwa amaitana anzawo, anzawonso n'kuitana anzawo, mpaka dziko lonse kudzaza mabwana okhaokha. Kuyambira lero Tidyenawo ndi dziko la malipiro apamwamba. Umphawi ndaupatsa miyezi isanu ndi umodzi kuti ulongedze katundu wake."

Nduna zinaomba m'manja. Imene inaomba nthawi yaitali kuposa zonse ndi imene inali itangodzidzimuka kutulo.

Kenako Nduna ya Maphunziro, mwina pofuna kuti udindo wake uonekeko kamodzi pachaka, inafunsa funso. Inati, nanga tidzadziwa bwanji kampani yolipira bwino? Tiziona m'mabuku a malipiro?

Apa ndi pamene anaimirira a Kathumba, Nduna ya Misonkho, munthu amene khosi lake linasowa kalekale pakati pa mutu ndi mapewa. Anaseka pang'ono, mwachifundo, ngati mmene timasekera mwana akafunsa kumene ana amachokera.

"Gogo Chalo, pepala silikana cholembera. Ine ndakhala ndikulemba mapepala a boma lino zaka khumi ndi zisanu, ndiye ndikamati pepala limanama, mundikhulupirire. Koma chilipo chinthu chimodzi chimene sichidziwa kunama. Munthu wolipidwa bwino amaonekera pamimba."

Mfumu inayang'ana pansi, pamene inayenera kuona mapazi ake, n'kupeza kuti a Kathumba akunena zoona. Inayang'ana m'chipindamo, n'kuona mboni zina makumi anayi ndi ziwiri zitakhala pamipando. Nkhani inathera pomwepo. Anabweretsa chingwe cha khonje n'kuchizunguliza pamimba pa Nduna ya Masewero, poti ndiyo inali yochepa thupi pa onsewo, ndipo inachita manyazi kwambiri anzake akuiseka. Anamanga chingwecho kuti chikhale ngati mkombero, n'kuchipaka utoto wofiira, n'kuchipatsa dzina loti Chingwe cha Chitukuko.

Lamulo lake linali losavuta, ndipo ndinene chilungamo, ndi lamulo lokhalo la mu Tidyenawo limene aliyense analimva. Wantchito aziimirira chilili, manja m'mwamba. Mkulu wa chingwe azimuveka mkomberowo kuchokera kumutu n'kuusiya. Ukakakamira pamimba, ndiye kuti malipiro ndi apamwamba. Ukagwa pansi, ndiye kuti ndi otsika. Kampani imene antchito ake onse olembedwa agwira chingwe, iziibwezera msonkho wake wonse, n'kuwonjezerapo kangachepe kothokoza. Aganyu asawerengedwe, chifukwa malinga ndi a Kathumba, waganyu si wantchito, ndi mlendo chabe amene amakonda kubwera tsiku ndi tsiku.

Mawa lake mthenga wa mfumu anafika mu msika wa Tilipobe ndi chimkuzamawu n'kuwerenga zonsezi katatu. Atamaliza, mayi wina wogulitsa tomato anakweza dzanja.

"Pepanitu achimwene, ine sukulu ndinalekeza panjira. Ndalama zobwezazo zichokera kuti?"

"Kuyambira Lolemba chiphaso cha msika chikwera," anayankha mthengayo.

"Ohoo. Ndiye kuti ife tiziwonda kuti iwo akwane chingwe."

"Mayi, musalowetse ndale pa nkhani ya chitukuko."

Bambo wina wogulitsa makala, amene nthiti zake munthu akanatha kuziwerenga ali tsidya la msewu, anafuula ali pamatumba ake kuti, "Bwerani nacho kuno chingwecho, bwana. Tilowamo atatu, mutibwezere pamodzi."

Anthu anaseka, n'kulipira chiphaso chokwera Lolemba lake. Ku Tidyenawo zinthu zimayenda choncho, kuseka kaye, kulipira pambuyo.

Mwezi usanathe, dziko linasintha ndithu. Makampani anachotsa ntchito owonda onse m'mawa, n'kuwalembanso madzulo ngati aganyu, pa theka la malipiro akale. Amuna onenepa, amene akazi awo ankawatukwana kuti ndi alesi, anayamba kutengedwa ndi magalimoto pakhomo. Mtengo wawo unakwera kuposa wa ng'ombe. Woyamba kubwezeredwa msonkho anali a Matewere, mpondamatiki woitanitsa makasu kunja, amene kampani yawo sinapangepo ngakhale msomali. Antchito awo anali anayi, onse alamu awo, ndipo ntchito yawo inali kukhala pakhonde. Analandiranso mendulo ya kampani yokula msanga, ndipo pamenepo palibe anatsutsa, chifukwa alamuwo ankakuladi sabata ndi sabata. A Matewere atalandira ndalamazo anatsitsa mtengo wa makasu awo.

Tsono kuseri kwa msika wa Tilipobe, kupitirira pamene amaphera mbuzi, kunali chipala cha mayi Nangondo. Chipala ndi kumene amasulira zitsulo, kwa inu amene munakulira m'tauni n'kumaganiza kuti khasu limabadwira m'sitolo. Mayi Nangondo anachilandira amuna awo atamwalira, ndipo wantchito wolembedwa anali mmodzi yekha, a Dzimbiri, amene anali atasula makasu pamenepo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

A Dzimbiri ankalipidwa bwino, ndipo izi si zapapepala. Nyumba yawo inali ya malata, ana awo atatu anafika ku sekondale, ndipo akazi awo, a Nabiyeni, sankabwereka mchere kwa aliyense. Vuto linali thupi. Munthuyu anali ngati mpini wa khasu lomwe ankasulalo. Ankadya za anthu awiri, koma moto wa kuchipala unkamulanda zonse lisanalowe dzuwa. Iwo zimenezi sizinkawakhudza. Chimene ankachiopa pamoyo wawo chinali chimodzi, kusiyana ndi chipalacho. Ankati akapanda kumva nyundo ikulira tsiku limodzi mutu umawawawa, ndipo a Nabiyeni ankachitira umboni kuti Lamulungu lililonse munthuyu amakhala wosachezeka.

Tsiku loyeza linafika. Mkulu wa chingwe anabwera ndi asilikali awiri atanyamula Chingwe cha Chitukuko pa mtsamiro. A Dzimbiri anaika nyundo pansi, kupukuta thukuta, n'kukweza manja. Mkulu uja anawaveka mkombero n'kuusiya. Makutu okha ndiwo anayesetsa kuuchedwetsa pang'ono. Kupitirira apo unangotsika osakhudza kalikonse mpaka fumbi linabuka pansi.

"Malipiro otsika, kampani yosakula," anatero mkuluyo akulemba.

Mayi Nangondo anagwira m'chiuno. "Bwana, tiyeni mukaone nyumba imene munthuyu wamanga. Ndi pafupi pompa."

"Ife sitiyeza malata, mayi."

"Nanga ana ake a ku sekondale?"

"Ngati ndi onenepa, alembeni ntchito."

Anthuwo atapita, awiriwo anakhala pa chitsa chimene chinali pakhomo pa chipala. Mayi Nangondo sanazungulire. Msonkho wa makala ndi zitsulo unali utakwera kuti boma lipeze zobwezera a Matewere, pamene makasu a Matewere anali atatsika mtengo. Popanda kubwezeredwa msonkho, chipala sichikanafika chaka chamawa.

"Anzanga akundiuza kuti ndikusandutseni waganyu, ndilembe wonenepa azikhala pakhomopa," anatero mayiwo. "Koma wonenepa masiku ano ndingamukwanitse ine? Ndalama zake n'zolipira inu kawiri. Awiri sindingathe. Ndipo inu munanyamula maliro a amuna anga, a Dzimbiri. Kukutchulani waganyu pakamwa panga sipangatuluke."

"Ndiye titani, mayi?"

Mayi Nangondo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo sizinatenge nthawi.

"Munenepe."

Ntchito imeneyi anaipatsa a Nabiyeni, ndipo anaigwira ngati munthu amene wadikira mwayi umenewu zaka zambiri. M'mawa phala la chiponde ndi mandasi asanu. Cha m'ma teni koloko mazira ndi chigumu. Masana mang'ina. Madzulo chilichonse chimene chinali ndi mafuta. A Dzimbiri ankadya mokhulupirika, n'kubwerera ku nyundo yawo. Utatha mwezi a Nabiyeni anawayeza ndi chingwe choyanikira zovala, n'kupeza kuti munthu watsika ndi chala chimodzi.

A Nabiyeni anapita okha kukaonana ndi mayi Nangondo. "Mayi, ine ndikutungira m'dengu. Chimene ndikuthira m'mawa, moto wanuwu ukuchitulutsa masana. Ngati mukufuna mimba, zimitsani motowo."

Moto umene sunazimepo masiku a ntchito kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi unazima Lachitatu lina m'mawa. Mayi Nangondo anakhoma chitseko, kiyi n'kumangirira pansonga ya chitenje. A Dzimbiri anawaikira mpando wandalema pakhonde la chipala, n'kuwaletsa kuyenda mofulumira, kuwaza nkhuni, kukwera njinga ndi kupsa mtima. Ana opita kusukulu ankawapatsa moni, iwo n'kuyankha pang'onopang'ono kuti asatuluke thukuta. Zinali zomvetsa chisoni, ndipo musaganize kuti ndikuseka. Munthu wamkulu, waluso lake, atakhala pakhomo pa ntchito yake manja ali pamaondo, zala zikungogwedezeka zokha.

"Bambo a Tamala, idyani," ankatero a Nabiyeni akabweretsa mbale.

"Ndakhuta, mayi."

"Kukhuta n'kwa anthu a malipiro otsika. Idyani."

Patatha miyezi itatu chinthu chinatuluka. Chinayamba ngati kachulu, kenako chinakankha malaya mpaka mabatani awiri anathawa. Miyendo ndi manja zinakhalabe za a Dzimbiri akale, koma kutsogoloku kunali kwa munthu wina. Mkulu wa chingwe atabweranso, msika wonse unasiya malonda kudzaonerera. Mkombero unadutsa makutu, unadutsa mapewa, unafika pamimba, n'kukhala. Amayi a tomato analulutira, ngakhale ankadziwa bwino lomwe kuti mimbayo aimanga ndi iwo ndi chiphaso chawo cha Lolemba.

Mwambo wobweza msonkho unachitikira ku nyumba yachifumu ku Mwakhuta. Panali gulu la oimba, panali ojambula, ndipo a Kathumba analankhula maola awiri. Anaitana a Dzimbiri kutsogolo, kuwatembenuza cham'mbali kuti anthu aone bwino, n'kumenya pamimbapo ndi chikhatho.

"Gogo Chalo, miyezi itatu yapitayo munthu uyu anali umphawi woyenda ndi miyendo. Taonani lero. Otitsutsa amati lamulo lathu silibala zipatso. Nachi chipatso. Kampani ya mayi Nangondo yakula ndi zala khumi ndi ziwiri m'miyezi itatu, ndipo palibe dziko lina lililonse pansi pano limene lakulapo choncho."

Palibe anafunsa kuti m'miyezi itatuyo kampaniyo yasula makasu angati. Mayi Nangondo analandira envelopu yawo, ndipo munali ndalama zoposa zimene makasu ankabweretsa. Asanachoke, mlembi anawerenga mothamanga ndime yomaliza ya chikalata chimene anasainitsidwa. Inkati popeza mimba imeneyi yabwera ndi thandizo la boma, ikhala katundu wa boma zaka zitatu, iziyezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo woisowetsa adzayankha mlandu.

"Zaka zitatu ndili pampando uja?" anafunsa a Dzimbiri ali m'basi pobwerera.

"Malipiro anu sasintha, ndiwonjezeranso," anatero mayi Nangondo, maso ali pawindo.

"Sindinafunse za malipiro, mayi."

Mayiwo anapitiriza kuyang'ana pawindo mpaka anatsika.

Chakudza sichiimba ng'oma, koma mvula yokha ndiye imachenjeza. Mitambo inayamba kusonkhana, mafulufute anatuluka, anthu anathamangira kuminda ndi makasu otchipa a kwa a Matewere. Makasuwo anali okongola, opaka utoto wobiriwira, olembedwa mawu achilendo. Kungoti anawapangira nthaka ya kwina. Ya ku Tidyenawo, imene imauma ngati njerwa, ankati akaimenya kawiri, kachitatu khasu lapindika ngati chivundikiro cha chitini. Anthu anakadandaula kwa a Matewere, alamu anayi aja n'kuwayankha ali pakhonde kuti vuto ndi nthaka, ndipo kampani sigulitsa nthaka.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo panafika mayi wina wochokera ku midzi ya kuphiri, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anapeza a Dzimbiri pampando wawo akulimbana ndi mbale ya mang'ina. Anagwada, kupereka moni, n'kumasula kamtolo kake. Munali makasu awiri. Lina linali lakale, lotha mpaka kutsala ngati chikhatho cha mwana. Lina linali lobiriwira, lopindika.

"Ili munandisulira ndinu chaka chimene ndinakwatiwa," anatero mayiyo. "Lalera ana asanu, latopa. Ili ndagula Lachiwiri."

Sanapemphe kanthu. Anangowaika makasuwo pamapazi pawo n'kukhala pansi, ngati munthu amene alibe kwina kopita.

A Dzimbiri anatola lakale lija n'kulitembenuza. Analizindikira. Anaika mbale pambali, kudzuka movutikira monga amadzukira anthu a malipiro apamwamba, n'kupita kumene kunali mayi Nangondo.

"Mayi, ndibwerekeni kiyi. Khasu limodzi lokha."

"Mukudziwa zimene tinasaina."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwanso kuti silikhala limodzi."

"Ndikudziwanso."

Mayi Nangondo anayang'ana mayi wa kuphiri uja, anayang'ana mitambo, n'kutukwana motsitsa mawu mawu ena amene sindingawalembe pano. Anamasula kiyi pachitenje. Poti panalibenso wina wopopa mvukuto, anapinda chitenje chawo n'kukhala pamvukutopo okha.

Nyundo italira koyamba, msika wonse unamva. Pofika madzulo mzere wa ofuna makasu unali utafika pophera mbuzi. Mawa lake unadutsa pa depoti. A Dzimbiri ankasula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, thukuta likuyenderera ngati atsegula mpopi, akuimba nyimbo za kutchalitchi zimene sankaziimba ngakhale kutchalitchiko. A Nabiyeni ankabwera ndi mbale zawo n'kuima pakhomo, akuona ntchito yawo ya miyezi itatu ikudontha pansi.

"Bambo a Tamala, mukufuna kundisiya ndekha inu," anatero tsiku lina. Sanali kuseka.

"Anthu adzale kaye, mayi. Ndikhalanso pampando mvula ikadutsa."

Mwezi woyamba anapulumuka. A Nabiyeni anawamwetsa ndowa ya thobwa mkulu wa chingwe atangotulukira pa ngodya, ndipo mkombero unakakamira monyinyirika, a Dzimbiri atagwira mpweya maso ali psuu. Mwezi wachiwiri ngakhale thobwa linalephera. Chingwe chinagwa pansi pamaso pa anthu onse amene anali pamzere, ndipo asilikali amene anabwera atanyamula mtsamiro anabwerera atagwira munthu.

Mlandu unazengedwa pabwalo lachifumu, mfumu ili pampando, a Kathumba ali oimira boma. Anthu a mu msika wa Tilipobe anadzaza kumbuyo, ambiri matope a kumunda ali kumapazi.

"Gogo Chalo," anayamba a Kathumba, "akuba tawaonapo m'dziko muno. Ena aba simenti, ena aba mankhwala, ena anaba mlatho wathunthu, ndipo tinawakhululukira chifukwa ndi anzathu. Koma uyu waba chitukuko chenichenicho. Tinamusungitsa zala khumi ndi ziwiri za katundu wa boma. Ndinazigwira ndi dzanja langali. Lero palibe ngakhale chala chimodzi. Amalonda akunja akamva kuti kuno mimba zimasowa masana dzuwa likuswa mtengo, adzabweranso?"

Mfumu inawerama pang'ono, mpaka pamene thupi linailola. "Iwe Dzimbiri, mimba ya boma ili kuti?"

"Gogo Chalo, ili m'minda."

"Waikwirira?"

"Iyayi, Gogo. Inasanduka makasu. Ngati boma likuifuna, anthu ali kumbuyoku akhoza kubweza, koma apemphe kuti athe kaye kupalira."

Kumbuyo kunamveka phokoso ngati la anthu amene akutsokomola onse nthawi imodzi. Msilikali anamenya ndodo pansi.

Mayi Nangondo anaimirira osaitanidwa. Anati kiyi anapereka ndi iwo, mvukuto anapopa ndi iwo, ndipo ngati pali womangidwa akhale iwo. A Kathumba anayankha kuti boma silinasungitse kanthu pathupi pa mayiwo, choncho kuwamanga kungakhale kuphwanya ufulu wawo. Anangopempha kuti abweze ndalama zonse, ndipo popeza zambiri zinali zitapita kwa ogulitsa mang'ina, boma lilande chipala ndi zonse za m'menemo. Mfumu inavomera.

Kenako inatembenukira kwa wolakwa. Inalankhula nthawi yaitali za kusayamika, za mmene inazunzikira ndi chisanu kunja pofunira anthu ake nzeru, ndi za mbiri ya dziko imene yadetsedwa. Pomaliza inagamula kuti a Dzimbiri akakhale ku ndende ya Mwakhuta zaka zitatu zomwe anakana kukhala pampando, akugwira ntchito yakalavulagaga.

"Ntchito yanji, Gogo Chalo?" anafunsa mkulu wa ndende. "Miyala yoswa inatha, tinagulitsa."

Apa a Kathumba ananong'oneza mfumu m'khutu. Ndisawanamizire a Kathumba, pa nkhani ya phindu mutu wawo umagwira. Boma linali litangolanda mvukuto, nyundo ndi mbaniro, ndipo linali litangopeza wosula amene safunika kulipidwa. Mfumu inalengeza, ngati kuti yaganiza yokha, kuti wolakwayo azikasula makasu kundendeko kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuti aphunzire.

A Dzimbiri anakweza mutu koyamba chiyambire mlandu.

"Pepani, Gogo Chalo. Kumeneko chingwe chimafikako?"

"Wandende sayezedwa," anayankha a Kathumba. "Si wantchito."

"Zikomo," anatero a Dzimbiri, n'kupereka manja kwa msilikali.

A Nabiyeni anawatsatira mpaka pa chipata cha bwalo. Sanalire mokweza, anangogwira malaya a amuna awo, amene tsopano ankalendewera ngati ali pa chingwe choyanikira.

"Mwakondwa, eti?" anatero. "Ndikukuonani nkhope. Mwakondwa."

"Mayi a Tamala..."

"Pitani. Nyundo yanu ikukudikirani."

Mwezi wotsatira makasu abwino anabwereranso mu msika wa Tilipobe, atadindidwa nkhope ya mfumu, mtengo wake wowirikiza kawiri wa kale. Mayi Nangondo ankawaona akudutsa ali pamphasa pawo, poti anali atayamba kugulitsa tomato, ndipo Lolemba lililonse ankalipira chiphaso chokwera chija pamodzi ndi anzawo. Kumapeto kwa chaka Chingwe cha Chitukuko chinapita ku ndende ya Mwakhuta, chifukwa nayo inali itasanduka kampani yosula makasu. Antchito ake olembedwa anali oyang'anira akaidi khumi ndi awiri, ndipo onse anagwira chingwe popanda kumwa thobwa. Ndendeyo inabwezeredwa msonkho wonse, n'kulandira mendulo imene chaka chatha inali ya a Matewere. A Kathumba anauza atolankhani kuti boma likufufuza ngati m'dzikomo mulibe akalipentala ndi atelala ena amene akusowetsa katundu wake.

Mvula yotsatira itayandikira, a Nabiyeni anapita pa chipata cha ndende pamene ankagulitsira makasuwo. Chikwatiwire anali asanagulepo khasu, poti ankangolipeza litatsamira pakhomo m'mawa. Anaima pamzere ngati wina aliyense, kuseri kwa mpanda nyundo ikulira, wina akuimba nyimbo ya kutchalitchi mosalongosoka. Anasankha limodzi, kuliyesa kulemera kwake m'manja, n'kulipira.

Linali khasu labwino kwambiri. Analima nalo okha.